Amayi Petronela ndi Benchi Lakumbuyo

Amayi Petronela Alufandika, amene tinawaika m'manda mu Julaye chaka chino cha 1997, anabadwira ku Nsanje m'chaka cha 1931. Sukulu anangoionera patali, koma katekisimu yense anali m'mutu. Anakwatiwa ndi bambo Ignasio, omwe ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ndipo banjali linakhazikika kuno ku Bangwe. Ana anabereka asanu ndi mmodzi, anaika anayi. Amuna awo atamwalira ankagulitsa matemba pamsika, ndipo Loweruka lililonse ankakolopa m'tchalitchi popanda wowatuma. Akamva miseche ankangoti pakamwa mpopempherera.

Ine wolembane ndine Gertrude. Ndinali wapampando wa amayi mu Mphakati wawo, ndipo zotsatirazi sindikuzilemba mokondwa.

Atakalamba anatsala ndi mdzukulu wamasiye, Mervis, mmodzi mwa atsikana ovina pa Misa. M'chaka cha 1994, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, thupi lake linayamba kusintha. Nkhope inatupa n'kukhala yozungulira ngati mbale, mimba inakula, miyendo ikuwonda, ndipo anasiya kupita kumwezi. Ife amayi tinangoyang'anana, nkhani n'kuimaliza tokha. Ndinatenga anamkungwi awiri n'kukamufunsa kuti mwini wake wa mimbayo ndani. Mwanayo analira, nalumbira kuti sadziwa mwamuna. Ife tinati maso sanama. Tinamuchotsa pa ovina, ndipo tinauza akatekisti kuti ayambe waima kulandira Ukaristia. Za kuchipatala palibe ndi mmodzi yemwe anatchula.

Kenaka ndevu zinayamba kumera pachibwano, mawu n'kukula ngati a mnyamata. Apa ndiye pakamwa pathu panachita kuyabwa. Ena ankati wamwa mankhwala ochotsera mimba, ena ankati ndi zakwawo kuchigwa zimenezo, agogo akewo akudziwapo kanthu. Zonsezi zinkanenedwa ndi anthu ovala yunifolomu ya amayi, kolona ili m'manja.

Amayi Petronela sanakangane ndi aliyense. Anangochoka pabenchi lakutsogolo, pomwe anakhalapo zaka zoposa makumi atatu, n'kukakhala lakumbuyo pamodzi ndi Mervis. Nthawi yolandira ikakwana, iwonso sankadzuka. Bambo Mfumu atawafunsa chifukwa chake, anayankha kuti, "Mwana akugona ndi njala, ine ndidye bwanji?"

Miyezi isanu ndi inayi inatha, khanda osaoneka. Tsiku lina Mervis anakomoka pampopi, atadandaula mutu kwa masabata angapo. Agogo ake anamutengera kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe anapeza BP yokwera zoopsa. Atamuunika m'mimba, madokotala anati pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotulutsa mahomoni, zinthu zimene zimayenda m'magazi n'kumauza thupi mmene likulire. Pa kamodzi mwa tiziwaloti panamera chotupa, ndipo chinkatulutsa mahomoni mopyola muyezo, ena mwa iwo achimuna. Ndevu, mawu, kutupa, kusiya kumwezi, zonsezo gwero lake linali limenelo. Anatinso akanachedwa pang'ono, BP ikanamupha. Miyezi imene ife tinkadikirira kuona khanda, chotupacho chinali chikukula.

Anamuchita opaleshoni kumayambiriro kwa 1995. Amayi Petronela anadikirira matendawo masabata asanu ndi awiri, akuphika kukhitchini ya odikirira odwala, n'kumagawirako ena opanda abale. Mervis anamwa mapilitsi miyezi yambiri. Kutupa kunaphwa, kumwezi anayambiranso, koma mawu sanabwerere mwakale mpaka lero.

Nanga ife tinatani? Tinangoti zii. Akatekisti anauzidwa chamseri kuti mwanayo akhoza kulandira, basi nkhani yatha. Koma kumsika ena amamutchulabe kuti uja anataya mimba uja, ndipo Mervis kutchalitchi amafika mochedwa, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Manyazi anandigwira zaka ziwiri, kupepesa osapepesa.

Amayi Petronela anadwala sabata imodzi yokha. Lachinayi masana Bambo Mfumu anawadzoza mafuta a odwala, ife a Mphakati tilipo. Anzanga atatuluka, ndinagwada pamphasa pawo n'kuwapempha kuti andikhululukire. Anandigwira dzanja, nkhope yopanda mkwiyo.

"Ine ndinakhululuka kale, aGertrude. Koma munanena pagulu. Mukakonzenso pagulu."

Anapempha kuti tinene kolona, ndipo tisanamalize anatsikira kulichete mwamtendere. Ambuye awalandire mu ufumu wawo, ndipo atiphunzitse kukhala pafupi ndi amene anthu akumuthawa, monga anachitira mayi ameneyu.

Kalata ya parishi ino imafika m'Miphakati yonse, choncho muwerenge mokweza, osadumpha mzere. Mervis Alufandika sanakhalepo ndi pakati. Ankadwala, ndipo tinatsala pang'ono kumuphetsa. Amene anayambitsa bodzalo ndine, Gertrude.