Alamu anga ndi tepi yawo

Alamu anga ndi telala. Ndi akulu awo a malemu amuna anga, ndipo maliro atatha anandipatsa mpando pakona ya shopu yawo kuti ndizisokerera mabatani ndi kupinda masiketi. Ine sindiyankhulayankhula, iwonso safunsafunsa, choncho timagwirizana.

Mapatani a zovala amadula pa nyuzipepala zakale zomwe amatenga kwa mnzawo wometa, khomo loyandikana nafe. Zilipo ziwiri, ya mutu wofiira ndi ya mutu wakuda. Chaka cha chisankho cha pulezidenti anayamba kumaziyeza ndi tepi asanadule.

Yofiira inkakonda wopikisana yemwe tinkamutcha Wachipewa. Chithunzi chake chinkakhala mainchi khumi, akumwetulira, khanda la eni ake lili m'manja. Wopikisana naye, Wamagalasi, inkamupatsa mainchi atatu, nthawi zonse atayasamula. Yakuda inkachita zomwezo mozondotsa, ndipo Wachipewa ankatulukamo atatsinzina.

"Munthu mmodzi, msonkhano umodzi," ankatero alamu. "Kuno ali maso, uku ali m'tulo."

Wometa, yemwe anali wa Wachipewa mpaka m'mafupa, ankasuzumira pakhomo lumo lili m'manja.

"A telala, tiuzeni lero. Muli mbali iti?"

"Ndili pakati."

"Pakati pa buluku pamakhala zipi basi."

"Tayesani kuyenda popanda zipiyo tione."

Maganizo awo anali oti Wachipewa ndi malaya othina, Wamagalasi ndi malaya okhwepa. Onse angavalike, koma palibe amene anasokedwa atayeza munthu. Iwo ankafuna chinthu chimodzi. Mng'ono wawo, malemu amuna anga aja, anagona m'chipatala masiku anayi, dokotala alipo, bedi lilipo, mankhwala palibe. Nkhaniyi sitiikamba. Anangonena kamodzi, akuthira mafuta m'makina, kuti voti yawo idzapita kwa amene adzanene za mankhwala momveka.

Vuto linali loti alamu ankayeza koma osawerenga. Zilembo zing'onozing'ono zimawavuta, ndipo magalasi amati ndi a nkhalamba. Ulusi m'singano ndimawalowetsera ndine, iwo akuyang'ana kumbali.

Litatsala tsiku limodzi kuti tivote, masana, anayala mapatani onse patebulo. Mikono, matumba, misana ya majekete. Manambala a miyezi itatu anali nawo m'mutu, koma yemwe ananena za mankhwala sankamudziwa. Anayamba kusuzumira chidutswa chilichonse, mphuno ili pafupi kugunda pepala, mpaka anapeza liwu loti "mankhwala" pa patani ya kolala.

"Alamu, tawerengani apa. Kuno kukuchita mdima."

Dzuwa linali paliwombo. Ndinawerenga: "Mndandanda wa mankhwala omwe alipo uzimatidwa pakhomo la chipatala chilichonse Lolemba lililonse, kuti akasowa tizidziwa womufunsa, anatero a..." Pamenepo sizasi inadutsa.

Anakhuthula dengu la zidutswa pansi. Anapezamo theka la chipewa ndi khutu la Wamagalasi, koma dzina ayi. Wometa analowa, namva nkhani yonse.

"Ameneyo ndi Wachipewa. Kayankhulidwe ndi kake."

"Munawerenga?"

"Ndiwerengerenji? Ndimamudziwa."

Atatuluka, alamu anakhala pampando tepi ili m'khosi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, zomwe sachitachita.

"Kodi inu, nyuzipepala zimenezi mumawerenga ndisanadule?"

"Eya."

"Zonse?"

"Mukapita kukadya."

"Nanga osanena bwanji?"

"Simunafunse."

Ndinawauza kuti opikisana analipo atatu. Wachitatu anali mayi wina yemwe kale anali namwino, ndipo mawu a pakolalawo anali ake. Pa iyeyu nyuzipepala ziwirizo zinkagwirizana: zonse zinkamuika pansi pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, pafupi ndi malonda a matayala, wopanda chithunzi. Alamu sanamuyezepo chifukwa panalibe choyeza.

"Angapambane?"

"Ayi."

"Ndangofunsa."

M'mawa mwake anavala jekete yomwe anavala pamaliro, ndipo tinapitira limodzi. Pamzere wometa anawakuwira kuti, "A Zipi, lero mutsekukira kuti?" Iwo anangomuuza kuti kolala yake yapindika. Anatuluka m'kachipinda kovotera chala chili ndi inki, ndipo amene anamuvotera sindinawafunse.

Anapambana ndi Wamagalasi. Wometa anatseka masiku awiri, akuti ankadwala mutu. Mayi uja anakhala wachitatu, kutali kwambiri, ndipo nyuzipepala yakuda inaika chithunzi chake koyamba. Alamu anaika tepi pamenepo.

"Inchi imodzi ndi theka."

Tsiku limenelo panali jekete yofunika kudula, koma tsambalo sanaligwiritse sizasi. Analikankhira kumbali yanga ya tebulo.

"Werengani, alamu. Yambirani pansi, pa matayalapo. Mokweza."