Mbewu ya mpunga ya pachilumba cha mu Luangwa

Ndinanyamuka ku Kaumbwe dzuwa lisanatuluke, zenga nditakulunga m'chitenje. Chaka chimenecho boma linali litasiya kukongoza feteleza, ndipo munda wanga wa chimanga unabereka mapesi okhaokha. Ndinali ndi ana odandaula njala komanso dambo longokhala. Nditamva kuti pachilumba china cha mumtsinje wa Luangwa pali mpunga wosafuna feteleza, ndinati zivute zitani ndikautenga.

Minibasi ya ku Petauke mpaka ku Nyimba inandidyera makwacha zikwi ziwiri. Nditadandaula, kondakitala anaseka. "Ni demokalase amai, mitengo nayo ili pa ufulu." Pa Nyimba ndinagula phava la nthochi n'kukwera lole yokatenga thonje ku Nyalugwe. Msewu wake unatipeta ngati mphale, ndipo tinafika tili mbuu. Ndinagona kwa msuweni wanga.

M'mawa mwini bwato anandiwolotsa, akugogoda m'mbali mwa bwato kuti mvuu zidziwe kuti tikudutsa. Anati adzanditenga dzuwa likapendeka, ndikachedwa ndigona komweko. Chilumbacho kumtunda n'chamchenga, koma kumunsi kuli dothi lakuda bii lomwe madzi osefukira amasiya chaka chilichonse. Kumeneko ndinapeza azimayi akukolola. Mwini munda anali amai Daka, omwe anathawa nkhondo ku Mozambique osabwereranso.

Nditalonjera, ndinayamba kumasula mfundo ya ndalama.

"Bwezani," anatero amai Daka. "Apwitikizi pokakamiza makolo athu kulima thonje, mpunga uyu anali kuubisa pa zilumba. Sitigulitsa. Wofuna mbeu azidulila yekha."

Ndinati zimenezo n'zochepa, n'kusolola zenga yanga. Azimayi onse anafa nalo phwete.

"Mayo, mufuna kuuthawitsa mpunga? Uyopa zenga!" Amai Daka anandipatsa kampeni kobisika m'dzanja. "Ngala imodziimodzi, yolemela cabe. Yopepuka musiyile mbalame."

Manyazi anandigwira, koma sindinabwerere njira yonseyo kudzachita manyazi. Ndinawerama. Dzuwa linandiwotcha msana, masamba a mpunga anandichekacheka zala, nthochi zanga ndinadya chiimirire. Pamene mwini bwato ankaitana kugombe, mtolo wanga unali wosaposa mwana wakhanda. Ndinafuna kulira.

Amai Daka anaumanga ndi luzi. "Mailo kapena mkuja wina akakupemphani, mumupatse. Mukagulitsa, musakabwelenso kuno."

Pobwerera, palole panali mayi wina wa ku Ndake, mwana wowonda ali kumsana. Anayang'ana mtolo wanga nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndi mbewu. Ndinayamba ndayang'ana kumbali. Zala zinali zikundiwawabe, ndipo ndinkaona nkhope za ana anga. Koma mawu a amai Daka anandikanirira m'khutu. Ndinamasula luzi n'kumupatsa mayiyo ngala zodzaza dzanja, mtima ukuwawa, sindinama.

Zotsalazo ndinafesa m'dambo mvula itagwa. Sizinatikhutitse chaka choyamba, zonse ndinasungira mbewu ana akundiyang'ana ndi diso loipa. Chaka chachiwiri tinadya mpunga wathuwathu. Ndinapita kuchilumba kuja ndikuganiza kuti mbewu ndi katundu wonga sopo, koma ndinabwerako nditasenza lamulo. Masiku ano anansi akabwera kudambo kwanga ndi ndalama ndi zenga, ndimawabwezera zonse ziwiri n'kuwapatsa kampeni.