Matimati a Atate Atasiya Kumva

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma za matimati musandiuze. Komboni yonse ya Kanyama inkandidziwa. Ndikakuwa kuseri kwa nyumba, nkhuku za eni zinkathawa m'dimba mwanga osatembenuka.

Mbewu yanga anabwera nayo atate kuchokera ku Malawi, ataimanga pakansalu. Timatimati ting'onoting'ono, towawasa. Anandiphunzitsa chinthu chimodzi: mbande ikafika masamba anayi, uitsine tsamba limodzi ndi chikhadabo. "Ikamva kuwawa imadzuka," ankatero. Ndipo n'zoona! M'mawa mwake ukaigwira, fungo lake linkakakamira m'manja mpaka masana, tizilombo n'kumailambalala. Zaka zonsezo mankhwala sindinagulepo, ine.

Ndiye kunabwera chaka chachilala chija, kutentha koti malata ankachita kulira. Ba neba, mayi wachibemba wogulitsa ndiwo, anandiitana pampanda monga aitanira agogo kwawo, akuloza dzuwa.

"Ba shikulu, sunganiko mbewu ina. Zuba iyi si yabwino."

Ndinaseka kuti mzere wonse umve. "Imwe, mbewu iyi ni ikulu kupambana imwe!"

Ndinafesa yonse. Yonse, osasiyako ndi njere imodzi.

Zitamera ndinatsina monga mwa masiku onse. M'mawa ndinagwira tsamba, n'kununkhiza zala. Palibe. Ngati ndagwira pepala. Ndinatsinanso kawiri, katatu. Mbande zinangoti zii. Ndipo pomwe ndinatsinapo m'pamene matenda analowera: mabala akuda, tsinde kufota, tintchentche toyera tili mbuu kunsi kwa masamba. Ndinawatsegulira ndekha, ndi chikhadabo changa chomwechi.

Madzi analowapo m'nyumba mwathu kufika m'maondo, sindinaope chonchi. Chomera chimene chakhala chikundiyankha kuyambira ndili mnyamata chinangosiya kumva. Dzuwa linachigonthetsa. Nanga ngati zimene anandisiyira atate zatha mphamvu, ine ndatsala ndi chiyani m'mutumu?

Unapulumuka mtengo umodzi wokha, wa pamthunzi wa chimbudzi, umene ndinaiwala kutsina. Unabala matimati atatu. Sindinalawe. Njere ndinaziyanika, zili m'kabotolo, m'thumba la jekete yakutchalitchi.

Ba neba amafunsabe, "Muzabyala liti, ba shikulu?" Ndimakuwa kuti posachedwa. Koma kutentha kwabweranso, ndipo ndikagwira kabotolo ndimakabwezeranso m'thumba. Zikamera, nditsine kapena ndisatsine? Woti ndimufunse anagona kale kumanda.