Kukhuza Maliro a M'ndege Imene Sinabwerere

Nthawi ya korona ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja. Alendo anali oletsedwa, ndiye agogo ena aakazi achizungu nkhani zawo ankakhuthulira ine. Tsiku lina anandiuza kuti mlongo wawo anali m'ndege yoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ija. Adani anaiwombera, inagwera m'nyanja, osapezekanso. Chaka chilichonse agogowo ankakaponya maluwa m'madzi, koma chaka chimenecho kutuluka kunalibe.

Mabuku a ndege zankhondo ndinawerengapo ambiri, moti ndikanatha kuwafotokozera za injini mpaka atagona. Koma kwathu ukamva za maliro, ngakhale patapita zaka, umapepesa basi. Ndinavula nsapato, n'kukhala pansi, n'kuzolika, masiki ali kukamwa.

Agogo analiza belu. Anesi anabwera chothamanga ndi choyezera kutentha kwa thupi.

"Sindikudwala, asisteri," ndinatero. "Ndikukhuza maliro."

Nditafotokoza, agogo anatembenukira kwa ine.

"Kunalibe mtembo, ndiye palibe anabwerapo kudzakhala nafe," anatero. "Kwanu mumakhala mpaka liti?"

"Mpaka anamfedwa atatimasula, agogo."

Sanandimasule msanga. Tsiku limenelo okalamba anzawo onse anamwa tiyi wozizira, poti wogawa tiyiyo ndinali ine.