Fogete la Yoramu pa Luia

Yoramu anafika pa mtsinje wa Luia kutada. Dera lachilendo, mimba yopanda kanthu. Mtsinje unali utasefukira. Pagombe anapeza mabanja othawa ku aludeyamento, misasa imene atropa, asilikali a atsamunda, ankaunjikamo anthu. Munali mu 1972. Atropawo ankawalondola m'mbuyo.

Inu amene mukuti zanu zinada, tamvani za munthu uyu.

Kale ankapanga mafogete, makombola ouluka m'mwamba, a pa zikondwerero za festa ku mishoni. Lina linamudula zala. Lina linakhota, n'kugwera pa nkhokwe za anthu. Chimanga chonse phulusa. Anamupirikitsa ngati galu. Anangotsala ndi kachigubu ka wonga, ndipo sanakataye.

Tsidya lina kunali abale a othawawo, ali ndi chingwe chachikulu. Bwato linali litapita ndi madzi. Akamanga ulusi ku mwala n'kuponya, mwala unkathera pakati pa mtsinje.

"Fogete likhoza kuwolotsa ulusiwo," anatero Yoramu.

Mayi wina wa mwana m'manja, Genoveva, anamuzindikira. "Si inu a Yoramu otentha nkhokwe? Lero mwabwera kudzatentha mtsinje?"

Anthu anaseka. Iye anangotambasula dzanja lake loduka zala lija.

"Mayi, ndibwerekeni zala zanu."

Genoveva anang'ung'udza, koma anakhala pansi. Yoramu anathira wonga m'nsungwi. Anadula zipsepse pa lata, chitini cha nsomba, zoti fogete lisakhote. Mayiyo anazimanga ndi luzi kumchira, akuyeza ndi maso.

M'bandakucha Yoramu anayatsa. Fogete linazungulira ngati nguli. Phava, m'madzi!

"Mwatiitanira atropa basi!" anakuwa bambo wina.

Wonga unatsala wa fogete limodzi. Yoramu anapukuta thukuta. Anatola nsungwi ina, naigogoda ndi mpeni. Inang'ambika yokha, njira yake yowongoka ngati chala. Apo mutu unatseguka. Diso limanama, nsungwi sinama.

Anang'amba mchira wa fogete mopingasa. Analowetsa zipsepse m'ming'alumo. Chimodzi chinapendama. Anachizula, nachiwongola ndi mano, nachibwezera.

"Mangani, mayi. Kokani zolimba!"

Anatsinzina diso limodzi, nayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumchira. Zonse zinali pamzere.

Anayatsa. Fyuu! Fogete linadutsa pamwamba pa madzi, ulusi uli pambuyo, n'kukagwa mumchenga tsidya lija. Amayi anagwira pakamwa kuti nthungululu zisatuluke.

A tsidya anamangirira chingwe ku ulusi. A kuno anakoka. Chingwe chinamangidwa ku mkuyu, ndipo anthu anayamba kuwoloka, madzi ali m'chifuwa.

Genoveva anayang'ana amuna onse amene anali pamenepo. Kenako anakweza mwana wake pa mapewa a Yoramu.

"Tsogolani, bambo. Ine ndili pambuyo panu."

Dzuwa likutuluka, pagombe panatsala mapazi okha.

Nanu musataye mtima. Choyamba chikagwa m'madzi, khalani pansi, wongolani, muyatsenso.