Mibawa ya a Selemani

A Selemani a ku Mbedza anakalamba akuperekeza ana asukulu pa phiri la Zomba. Sukulu anailekezera Sitandade 4, koma mtengo uliwonse ankaudziwa dzina, mankhwala ake, ngakhale mbalame imene imakonda kuteramo. Aphunzitsi akafika ndi ana pa damu la Mulunguzi, ankayamba ndi kufunsa kuti, "Kodi a Selemani alipo?"

Chaka chatha mawondo anawagoneka miyezi isanu. Atapezako bwino, Mayi Zakia, mphunzitsi wa ku Malosa, anawapempha kuti akaonetse ana a Fomu 2 mibawa ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Anavomera mokondwa. Njira yonse ankatsimphina patsogolo, akuwauza anawo kuti ulipo mtengo woti anthu anayi sangaukumbatire.

Atafika anapeza zitsa zokhazokha, utuchi, ndi uvuni wa makala ukufuka utsi. Dzuwa linkaswa mtengo pamalo pamene kale pankazizira ngati m'phanga.

"Agogo, nanga mitengo ija ili kuti?" anafunsa mtsikana wina, kope lili m'manja.

A Selemani anangokhala pansi n'kuvula chisoti. Mayi Zakia, posowa chochita, anauza ana kuti awerenge mizere ya pachitsa kuti adziwe zaka za mtengowo. Anawo anawerenga mpaka kusokonezeka.

Kuchokera tsiku limenelo a Selemani sanakwerenso phiri. Aphunzitsi akatumiza uthenga, amangoyankha kuti, "Auzeni akaone m'mabuku. Ine ndikawaonetsa chiyani?" Masiku ano amaswera pakhonde, mpando atautembenuzira kumsewu, phiri lili kumbuyo.