Botolo la Mabvuto m'motoka ya atate

Mwaswela bwanji nonse? Ndangofika kumene kuchokela ku Chelstone, mtima sunakhale pansi.

Mabvuto wathu waidzutsa motoka ya malemu atate, yobiliwila ija inangogona pansi pa mtengo wa mango. Koma m'buti, mmene tinali kulongedza nshawa pochokela ku Chipata, wamangililamo botolo la mpweya wa naitilasi. Akuti akadina batani, mpweyawo umalowa mu injini, motoka n'kuuluka. Motoka ya atate, munthu amene anali kupitilidwa ndi njinga!

Ndi dzuwa la lelo botolo linatentha, singano ya geji n'kufika pofiila. Ndinafunsa ngati liphulika. Iye akuti, "Ba sisi, musaope. Likatentha pulesha imakwela, mpweya umachuluka kupambana petulo, injini n'kupsa. Lifunika kuziziletsa chabe."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thaulo lonyowa. Analikulunga botolo lija mosamala, n'kumalikhudza ndi kuseli kwa dzanja, ndendende mmene amai anali kutichitila tikadwala malungo. Singano itatsika, anailiza motoka. Abale, inayamba ndi kutsokomola komwe kuja tinali kumva atate akafika poweluka. Ndinatsala pang'ono kuthamangila ku geti kukawatsegulila, ine mai wa imvi.

Manje Loweluka akufuna kupita nayo ku mpikisano wa liwilo. Achimwene, naimwe ba sisi Grace, nenani, timulole? Injini ikapsa, liwu lija sitidzalimvanso. Koma tikamuletsa, ibwelela pansi pa mango paja, kuli zii.